Tiuzeni Amene Analowa, Amene Analemba ndi Amene Anakhoza: Kalata Yochokera ku Chigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna oyang'anira maphunziro a ukachenjede,
Akuluakulu a bungwe la National Council for Higher Education (NCHE),
Ndi inu nonse amene mumasayina ziphaso za anamwino, madokotala, maloya, aphunzitsi ndi mainjiniya,

Pempho langa ndi limodzi, ndipo silikufuna ndalama za azungu kapena msonkhano wa sabata yathunthu kunyanja. Chaka ndi chaka muzitulutsa poyera zotsatira za mayeso a ziphaso, koleji iliyonse payokha. Ndipo powerengapo, muziyambira pa ana amene analowa m'chaka choyamba, osati pa okhawo amene koleji inawalola kukakhala m'chipinda cha mayeso.

Ndikulemba ndili ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Ndinaphunzitsa ku sekondale mpaka kupuma, ndipo masiku ano ndimathandiza m'komiti ya chipatala chaching'ono cha kwathu. Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pakhonde panga sipasowa alendo. Makolo amabwera ndi mwana, kapepala ka mapointi kali m'manja, funso lake ndi lomwelo: "Amadamu, mwanayu timutumize kuti?" Amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa NCHE wopita ku yunivesite ya boma, nkhawa yake ndi fizi ndi thiransipoti basi. Koma osankhidwawo ndi ochepa. Otsalawo amayang'ana ku makoleji a mipingo ndi oyima paokha, ndipo apo m'pamene kholo limasankha mumdima.

Bambo wina wa kufupi ndi kwathu anabwera ndi timapepala titatu ta makoleji, atatikulunga m'jumbo kuti tisanyowe ndi thukuta. Tinatiyala pa mphasa. Pa tonse titatu panali achinyamata ovala magauni akumwetulira, chipinda chodzaza makompyuta, ndi mawu akuti maphunziro ake ndi ovomerezeka ndi boma. Panali fizi, panali nambala ya akaunti ya ku banki, panali tsiku lotsekera. Bamboyo anafunsa zimene munthu aliyense wogula angafunse: "Mwa amene amapita kumeneku, ndi angati amatenga chiphaso n'kuyamba ntchito?" Tinatembenuza timapepala tija uku ndi uku, yankho panalibe. Anakagulitsa ng'ombe zake zapangolo, n'kusankha koleji imene dzina lake ankalimva kawirikawiri pawailesi. Mwana wake wamkazi anamaliza, phwando tinadya, chithunzi cha gauni chili pakhoma mpaka lero. Mayeso a khonsolo yopereka chiphaso cha ntchito yake analephera. Pobwereza anakumana ndi anzake a m'kalasi mwake ochuluka ndithu, nawonso akubwereza. Koleji inkadziwa mmene ana ake amachitira pa mayeso amenewo, khonsolo inkadziwanso. Amene sankadziwa ndi mwini ng'ombe yekha.

Sindikunyoza ntchito ya NCHE. Chiyambire lamulo la 2011 limene linakhazikitsa bungweli, pali malo amene kholo lingafunse ngati koleji ndi yolembetsedwa komanso ngati maphunziro ake ndi ovomerezeka, ndipo ochita malonda ndi madigiri a m'chikwama sakuyendanso momasuka ngati kale. Koma chivomerezocho chimayang'ana kwambiri zolowa: nyumba, laibulale, mapepala a aphunzitsi, silabasi yolembedwa bwino. Zonsezo koleji ikhoza kuzikonza alendo akamabwera. Chimene chatsala m'mutu ndi m'manja mwa mwana patatha zaka zitatu kapena zinayi ndi nkhani ina. Magiredi a pa digiri sangatiyankhe, pakuti wophunzitsa, wofunsa mafunso ndi wochonga ndi munthu mmodzimodziyo, kapena anzake a m'dipatimenti imodzi. Koleji yodalira fizi ikalepheretsa ana ambiri imadzichotsera yokha ndalama. Kodi tikuyembekezera kuti dzanja lake likhale louma pochonga? Alipo oyesa ochokera ku mayunivesite ena amene amabwera kudzaona mayeso, koma malipoti awo amathera m'mafayilo a pasukulupo.

Muyeso umodzi wokha umene tili nawo wosapangidwa ndi koleji eniake ndi mayeso a ziphaso. Namwino ndi mzamba, kaya waphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku makoleji a mipingo a CHAM, sagwira wodwala mwalamulo asanadutse mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi a gulu lake. Dokotala ndi clinical officer amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi atagwira kaye ntchito moyang'aniridwa. Ophunzira zamalamulo ali ndi Malawi Institute of Legal Education, owerengera chuma ali ndi mayeso a bungwe lawo la ICAM. Pa fomu iliyonse ya mayeso amenewa pamalembedwa koleji imene munthu wachokera. Ndiye kuti manambala amene ndikupemphawa alipo kale, ali m'makompyuta mwanu. Ife timangomva kuti chaka chino akhoza ochuluka mwakuti m'dziko lonse, kenaka koleji imene yachita bwino imathamangira pa Facebook kukadzitama, imene yagwa imangokhala duu ngati sikunalembedwe mayeso.

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya mayunivesite yamukhudza bwanji mayi wa ku Ngabu. Chichokereni kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021, mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS, LUANAR, Mzuzu University ndi MUST ku Thyolo. Mukatsetsereka phiri n'kufika pa Thabwa, mpaka ku Marka kumalire, simupeza likulu la ngakhale imodzi. Yunivesite ya Bangula imene malemu Bingu wa Mutharika anaitchula idakali m'kamwa mwa anthu a ndale nthawi ya kampeni. Choncho ndalama za thonje, za ng'ombe ndi za ganyu wa mu nzimbe ku Nchalo zimakwera phiri, ndipo chimene chimatsika ndi omaliza maphunziro. Amene amatumizidwa kuno nthawi zambiri ndi ongotuluka kumene, chifukwa okhazikika pantchito amapeza njira yothawira kutentha kwathu. Ku Queens namwino watsopano akasokonezeka amatembenuka n'kufunsa wamkulu wake. Kuno akatembenuka amapeza khoma.

Ndinaziona ndi maso usiku wina wa dzinja, ndikudikirira mwana wa mchemwali wanga pa chipatala china chaching'ono. Anachira bwinobwino, khanda linalira, ife tinayamba kale kuthokoza. Posakhalitsa chitenje chinanyowa, chachiwiri chimodzimodzi. Magetsi kunalibe, mtsinje unali utadzaza moti za ambulansi panalibe wozitchula. Namwino anali mtsikana woti ndikanamuphunzitsa Fomu 4 zaka zochepa m'mbuyomo. Anandipatsa foni yake nati, "Amayi, walitsani apa, dzanja lisagwedezeke." Anagwira pamimba, napeza chiberekero chili wedewede, nayamba kuchisisita mwamphamvu mpaka wodwalayo kukuwa. Anabaya jakisoni wa oxytocin, nayika diripi pa mtsempha umene ine sindinkauona n'komwe, nachotsa mkodzo ndi kapaipi. Kenaka anatenga nsengwa ija m'beseni, naitambasula pansi pa kuwala kwa foni, kuiyang'ana mbali ndi mbali ngati pali kachidutswa kotsalira m'kati. Pakamwa pake ankangotchula yekha chotsatira, motsitsa, ngati mwana wolakatula ndakatulo ya pamtima. Magazi anayamba kuchepa. Kutacha anakhala pa sitepe, yunifomu ili mbuu, n'kupempha madzi akumwa.

Chimene mtsikana uja anachita chili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimayezeka. Ndondomeko ija anali nayo m'mutu, ndipo mayeso a papepala amatha kuona ngati munthu akuidziwa. Amene amanena kuti mayeso olemba ndi opanda pake sanaonepo namwino wosadziwa chochita poyamba. Koma kupeza mtsempha wa munthu amene wataya magazi, ndi foni yokha yowunikira, pepala silingakuuzeni. Izo zimachokera ku manja amene anachitapo kambirimbiri wina wodziwa akuyang'ana. Ndiye potulutsa zotsatirazo musatiphatikizire zonse mu nambala imodzi. Za mayeso olemba zikhale pazokha, za ntchito ya manja pazokha. Ophunzira amayenda ndi kabuku kosayinitsa kuti wachiritsa amayi angati, wabaya angati, wasoka angati. Makoleji akamachulukana n'kumatumiza ana awo onse ku mawodi omwewo a m'tauni, ophunzira khumi kuzungulira bedi limodzi, funsani kuti masiginecha onsewo akuchokera kuti. Khonsolo izitenga timabuku tingapo mwachisawawa pa koleji iliyonse n'kukatiyerekeza ndi kaundula wa ku leba. Si ntchito yofuna galimoto zambiri.

Tsopano ku mbali imene ndikuidziwa bwino, chifukwa ndinakalambira m'kalasi. Nambala iliyonse imene anthu aiyika pa chikwangwani, ena amapeza njira yoinenepetsera. Ndinaona sukulu ina ya sekondale imene inkati ikayandikira nthawi yolembetsa MSCE, inkalembetsa kaye mayeso oyeserera. Ofooka ankauzidwa kuti abwereze Fomu 3, kapena akalembetse kwina ngati ophunzira apadera. Zotsatira zikatuluka, chinsalu pageti: onse akhoza! Ana osiyidwa aja palibe ankawawerenga, chonsecho fizi yawo inadyedwa zaka zonsezo. Mukangotulutsa peresenti ya okhoza yokha, makoleji adzachita zomwezo, mwinanso ena anayamba kale.

Tiyerekeze makoleji awiri, iliyonse yatenga ana 100. Yoyamba yataya 40 panjira: ena fizi yawakanika, ena yawachotsa, ena yawauza kuti adikire kaye asalembe chaka chino. Alemba 60, akhoza 57. Pa chinsalu ilemba 95 peresenti. Yachiwiri yalimbana ndi ana ake mpaka 90 afika pa mayeso, akhoza 72. Imeneyo ndi 80 peresenti, ndipo pa mndandanda wa m'nyuzipepala ikhala pansi. Koma imene yapatsa dziko anamwino ambiri ndi iti? Kholo la ku Tengani likadziwa kuti pa koleji yoyamba ana 43 mwa 100 amabwerera opanda chiphaso, pamene pa yachiwiri ndi 28, lidzasankha mosiyana ndi mmene chinsalu chikunenera. N'chifukwa chake ndikufuna manambala anayi pa mzere umodzi: analowa angati, anamaliza angati, analemba angati, anakhoza angati ulendo woyamba. Obwereza akhale ndi danga lawo pambali.

Kutulutsa zotsatira motere si zachilendo padziko. Ku Philippines bungwe loona ziphaso limasindikiza mmene sukulu iliyonse yachitira pa mayeso a anamwino ndi ntchito zina, olemba koyamba pawokha, obwereza pawokha. Ku America zotsatira za mayeso a anamwino a NCLEX zimatuluka sukulu ndi sukulu, ndipo kuyambira 2019 bungwe la American Bar Association limafuna kuti 75 peresenti ya omaliza sukulu ya zamalamulo amene alemba mayeso a uloya akhale atakhoza pasanathe zaka 2, apo ayi chivomerezo cha sukuluyo chili pachiswe. Komweko madandaulo ake ndi omwe ndanenawa: masukulu ena a unamwino amayika mayeso awoawo otsekera pakhomo kuti ofooka asakawaonongere nambala. Ife tili ndi mwayi woyamba titaona kale dzenjelo.

Pali chinanso chimene chimandiwawa kwambiri monga wa kuchigwa. Ana salowa m'koleji ali ofanana. Wina wachokera ku sekondale yogonera konko, ya labotale ndi laibulale, ali ndi mapointi 9. Wina wachokera ku CDSS ya ku East Bank kumene sayansi anaiphunzira pa bolodi, chubu choyesera mankhwala anangochiona chojambulidwa m'buku, ali ndi mapointi 24. Wa mapointi 24 ameneyu sukulu yake inasanduka kampu ya othawa madzi mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, pa namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi pa Freddy mu Malichi 2023. Mwana wa ku Makhanga amene wamaliza Fomu 4 posachedwapa zonsezi zinamudutsa ali pasukulu. Koleji imene imasankha a mapointi 9 okhaokha idzakhozetsa ngakhale aphunzitsi ake atamagona. Imene yatenga wa mapointi 24 n'kumufikitsa pa chiphaso chomwecho ndiyo yaphunzitsa. Aliyense wa kuno amene anasungapo ng'ombe zonenepetsa amadziwa kuti luso la mwini khola sumaliona pa sikelo ya tsiku logulitsa lokha, umafunsa kuti ng'ombeyo inalowa m'khola yolemera bwanji. Ana si ng'ombe, mundikhululukire, koma masamu ake ndi omwewo.

A ku Brazil anaphunzira zimenezi movutikira. Kuyambira 1996 mpaka 2003 anali ndi mayeso a dziko lonse a omaliza digiri, otchuka ndi dzina loti Provão, ndipo maphunziro a sukulu iliyonse ankapatsidwa chilembo kuyambira A mpaka E. Ophunzira ena pokwiya ankapereka mapepala osalemba kanthu, ndipo otsutsa ankati chilembocho chikungoonetsa sukulu imene imatenga ana okhoza kale. Mu 2004 anasintha n'kubweretsa ENADE, imene pakati pa zina imayerekeza zimene omaliza apeza ndi zimene zinkayembekezeka poona mmene analili polowa. Ife sitikufunika kuyambira patali choncho. Mapointi a MSCE a mwana aliyense ali ku MANEB ndiponso m'fayilo yake ya ku koleji. Kuwayika pambali pa zotsatira za khonsolo ndi ntchito ya pa desiki. Gawani ana m'magulu atatu malinga ndi mapointi olowera, mutionetse mmene gulu lililonse lachitira pa koleji iliyonse, ndipo muonjezere ngati anachokera ku CDSS kapena ayi. Za kota yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera, imene boma linaithetsa mu 2020, sindikuziutsa pano. Koma popeza inachoka, tili ndi chifukwa chokwanira chofunira kudziwa kuti ana a Nsanje ndi Chikwawa akulowa kuti, ndipo kumene akulowako akutuluka ndi chiyani.

Chenjezo lina ndi la makoleji aang'ono. Kalasi ya ana 30, asanu akadwala malungo sabata ya mayeso, peresenti imagwa moopsa popanda mphunzitsi kulakwa kanthu. Koleji ya Trinity ku Muona, imene yakhala ikuphunzitsa anamwino ndi azamba kuno kuchigwa kwa zaka zambiri, ili kudera limene madzi akakwiya msewu wa Thabwa umaduka ndipo wochokera ku Bangula amadalira bwato. Chaka cha chigumula sichingafanane ndi chaka cha mtendere. Muzitulutsa zotsatira za zaka zitatu pamodzi, kuti munthu aone ngati ndi ngozi ya chaka chimodzi kapena ndi matenda okhazikika.

Nanga koleji imene yapezeka kuti ikugwetsa ana chaka ndi chaka muichite chiyani? Kutseka ndi kosavuta kulengeza, koma amene amavutika ndi ana a m'chaka chachiwiri amene alipira kale. Yambani ndi kuichepetsera chiwerengero cha ana amene ingatenge, mpaka aphunzitsi ndi malo ochitira pulakatiko akwanire. Itumizireni oyendera, osati okadya nkhomaliro ndi mwini sukulu, koma okakhala m'kalasi ndi mu wodi. Ndipo ndikuonjezera ichi, ngakhale eni makoleji sachikonda: ngati oposa theka la kalasi alephera mayeso a khonsolo, koleji iwaphunzitsenso ulere ndi kuwalipirira mayeso obwereza. Mwana mmodzi akalephera tinganene kuti ndi ulesi wake. Kalasi yonse ikagwa, wolephera si mwana. Imene yakanika kusintha pakatha zaka zimene mwaipatsa, pamenepo itsekeni, ana ake muwasamutsire kwina ndi magiredi awo.

Ndamvapo ena ophunzira bwino akunena kuti mankhwala ake ndi mayeso amodzi a dziko lonse kwa aliyense womaliza digiri, ngati MSCE ya ku yunivesite. Maiko ena anatenga njira imeneyo. Ku Colombia mayeso a Saber Pro ndi okakamiza kwa omaliza digiri kuyambira 2009. Ethiopia inayamba mayeso otulukira ku yunivesite mu 2023, ndipo ulendo woyamba oposa theka analephera. Bungwe la mgwirizano wa maiko pa zachuma la OECD linayesa muyeso wofananitsa maiko, wotchedwa AHELO, pakati pa 2010 ndi 2012 m'maiko 17 ndi ophunzira pafupifupi 23,000, koma atamaliza kuyesako ntchitoyo sinapitirire. Ine maganizo anga ndi oti ife tisathamangire kumeneko pakadali pano. Sitinaiwale Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atayenda kale pa WhatsApp, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021. Mayeso atsopano a dziko lonse ndi msika watsopano wa likasa, ndipo ndalama zoyendetsera mudzazitenga m'thumba la wophunzira yemweyo. Mukati zotsatira zake zisakhudze digiri ya mwana, ana adzalemba mwamphwayi ndipo manambala adzanama. Mukati zikhudze, chaka chomaliza chonse chidzasanduka choloweza mafunso a zaka zam'mbuyo. Komanso ndi funso lanji limene mungafunse wophunzira mbiri yakale ndi wophunzira ulimi wamthirira n'kunena kuti mwawayeza onse mwachilungamo?

Komabe amene akufuna mayeso amenewa akuloza bala lenileni. Maphunziro amene alibe khonsolo, monga a zamalonda, a chitukuko cha m'madera ndi ena otere, ndi amene achulukana kwambiri, popeza safuna labotale kapena wodi, choko ndi chipinda basi. Kumeneko mdima ndi wandiweyani. Ndinaonapo kalata yofunsira ntchito ya mwini digiri imene ndikanaibweza kwa mwana wa Fomu 2 kuti akalembenso. Njira yotsika mtengo ilipo. Chaka chilichonse NCHE itenge mwachisawawa mapepala a mayeso ndi mapulojekiti a chaka chomaliza ku koleji iliyonse, ichotsepo mayina a ana ndi a sukulu, ipereke kwa aphunzitsi a mayunivesite ena kuti achongenso ndi muyeso umodzi. Ngati distinction ya koleji ina ikutuluka pass wamba m'manja mwa ochonga osaidziwa, dziko lidziwe. Muonjezere kulondola omaliza patatha chaka chimodzi kapena ziwiri kuti ali kuti, koma wolondolayo asakhale koleji yomweyo, chifukwa idzangoimbira foni amene ikudziwa kuti ali pantchito.

Za aphunzitsi anzanga ndinene mwachidule. Teachers Council of Malawi ikulembetsa aphunzitsi ndi kupereka ziphaso, ndipo n'zabwino. Ghana inayamba mayeso a chiphaso cha uphunzitsi mu 2018. Tikadzafika pamenepo, chiphasocho chisadzakhale cha kulipira ndalama ndi kuonetsa satifiketi chabe. Munthu aimirire kutsogolo kwa ana 90 m'kalasi ya malata mwezi wa Okutobala ku Nsanje, woyesa ali kumbuyo, aphunzitse tizigawo ta masamu mpaka ana amve. Mainjiniya nawonso: ngalande yaikulu yamthirira yochokera ku Kapichira ikadzatha, ndiponso madaiki ndi milatho imene madzi amatikokolera, zidzafuna ana athu omwewa kuti azisamale. Tikufuna kudziwa sukulu imene ikutulutsa oti Malawi Engineering Institution iwalembetse, ndi imene ikungotulutsa zithunzi za magauni.

Ndikudziwa chimene eni makoleji ena adzakuuzeni: kuti manambalawa aononga mbiri yawo, kuti anthu wamba sadzawamvetsa, kuti ndi zinsinsi za bizinesi. Munthu wamba amene amawerengera mtengo wa thonje pa kilo, kuchotsapo ngongole ya mbewu ndi mankhwala, n'kudziwa kuti wogula wamubera, sangalephere kumva manambala anayi. Za chinsinsi, palibe akupempha dzina la mwana aliyense, tikupempha ziwerengero. Ndipo ndalama zimene zikulowa m'makolejimo si za eni okha. Higher Education Students' Loans and Grants Board, imene inakhazikitsidwa mu 2015, imakongoza ana ndalama za misonkho yathu, ndipo ngongoleyo mwana amaisenza kaya wapeza chiphaso kaya ayi. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, moti ine ndikhoza kulemba kalata ku khonsolo iliyonse kupempha manambalawa. Koma n'chifukwa chiyani mayi wamasiye wa ku Ndamera azichita kulemba kalata ku Lilongwe kuti adziwe zimene inu mukanangomuuza? Wakutsina khutu ndi mnansi, Olemekezeka: mukapitiriza kusunga zotsatirazi m'madirowa, anthu ayamba kufunsa kuti mukutchinjiriza ndani.

Potulutsapo musangoziponya pa intaneti m'chikalata cha masamba 80 cha Chingerezi chofuna bandulo ya sabata kuti chitseguke. Ntchito iliyonse ikhale ndi tsamba limodzi: dzina la koleji, mapointi olowera, analowa, anamaliza, analemba, anakhoza, zaka zitatu zotsatizana. Likhale m'Chichewa, ndipo kuno mutipatsenso la Chisena. Tumizani kwa mahedi a masekondale onse, ma CDSS osawaiwala, kuti alimate pa bolodi la zidziwitso, ndi ku maofesi a zamaphunziro pa boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Mawailesi a m'madera aliwerenge madzulo anthu atabwera kumunda. Ndipo lamulani kuti koleji iliyonse yolengeza malo, kaya pawailesi kaya pa kapepala, iziyika manambala ake omwewo pafupi ndi nambala ya akaunti ya ku banki. Tsambalo lizifika MANEB isanatulutse zotsatira za MSCE, chifukwa zikangotuluka makolo sachedwa kugulitsa ziweto.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ngabu, Chikwawa